Penti Wofiira pa Malalanje

Lolemba, 3 Febuluwale

Mafunso mwana wanga,

Lero 9 koloko m'mawa kunabwera mlangizi wa zaulimi. Tinalipo anthu atatu: ine, amalume ako, ndi mlangiziyo. Ndayamba ndi zimenezi kuopa kuiwala, koma moni ndiye anayenera kutsogola. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Ine ndili bwino, kupatula makutu omwewa. Foni unanditumizira ija ndimangoiona ikuwala patebulo. Ndikaiika kukhutu ndimamva ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Choncho tizingolemberana ngati kale.

Nkhani ndi ya malalanje a mayi ako, mitengo 7 ija ya kuseri kwa nyumba. Mlangizi akuti kwagwa matenda m'dera lino. Masamba amachita mawanga achikasu, zipatso zimatuluka zazing'ono, zopendekeka ndi zowawa, ndipo mankhwala ake kulibe. Anazungulira mitengoyo mphindi 20, kenaka anatulutsa kachitini ka penti wofiira n'kulemba mtanda pa thunthu lililonse.

Ndinamufunsa kuti, "Matendawo mwawaona?"

Iye anati, "Ndi maso ayi, bambo, amakhala m'kati. Koma mitengo yakale ngati iyi ndiyo imawasunga. Pofika pa 31 Malichi ikhale itagwa, pokhapokha mutabweretsa umboni wa kulabotale woti ilibe kanthu."

Amalume ako anali atatsamira waya wa mpanda. Anati, "A Sikelo, si mwana wanu amagwira kulabotale? Kapena amangosesako?" Mlangizi anaseka, inenso ndinaseka pang'ono. Mitengo yawo 30 ya kutsidya kwa wayayo sinalembedwe. Ndi yaing'ono, yangokwanitsa zaka 4, ndipo akuyembekezera zipatso zoyamba.

Mitengo yathuyi mayi ako anaidzala zaka 29 zapitazo. Chitisiyireni iwo pa 11 Juni chaka cha dzana, ndikatsegula zenera la kuchipinda m'mawa ndimayamba kuona iyo. Sindikudziwa kuti zeneralo ndidzalitsegulira chiyani ikadzagwa.

Ine ndinagwira pa sikelo ya kudepoti yogulira mbewu zaka 34. Thumba ndimalidziwa, koma tsamba sindidziwa muyeso wake. Kodi ntchito yako ingathandize? Undiuzenso kuti umachita chiyani kwenikweni. Anthu akandifunsa ndimati umawerenga masamba, ndiye amandiyang'ana ngati ndakalamba kwambiri.

Kwatsala masiku 56.

Ndine bambo wako.

14 Febuluwale

Ababa,

Kalata yanu ndailandira dzulo ndipo ndaiwerenga nditaimirira pakhomo. Chifuwa chinatha, musadandaule. Amalume muwauze kuti tsache ndinalisiya chaka chatha, anandikweza, pano ndimatsuka mabotolo.

Simunalakwe, ndimawerengadi masamba. M'kati mwa tsamba muli timatumba tobiriwira tosaoneka ndi maso, timene timapangira mtengo chakudya kuchokera ku dzuwa. Ife timati makuloropulasiti. Kathumba kalikonse kali ndi malembo akeake a chibadwa, amene mumamva anthu akuti DNA. Zilembo zake ndi zamitundu inayi yokha, koma zimatsatana mzere wautali wolumikizana kumapeto, ngati tcheni cha njinga. Mu lalanje zilipo pafupifupi 160,000. Ndalemba nambalayi chifukwa cha inu. Mabakiteriya nawonso malembo awo amakhala ozungulira chomwecho, ndipo magawo ogwira ntchito imodzi amakhala moyandikana, monga mmene mumaikira sipanala zonse m'bokosi limodzi. Kufanana kumeneku si kwangozi. Kalekale timatumba tobiriwirati tinali mabakiteriya okhala paokha.

Makina athu amawerenga zilembozo chimodzichimodzi. Ine ndimasanja zidutswa mpaka tcheni chilumikizane, kenaka ndimaona kuti mwini wake ndani. Ngati m'tsamba muli bakiteriya wa matenda amene mlangizi akunenayo, malembo ake amatulukira pakati pa malembo a mtengo, ngati dzina lachilendo m'kaundula.

Ndapempha abwana anga ndipo andilola kuyika masamba anu pamodzi ndi ntchito ina. M'phukusili muli maenvulopu 7 ndi timapaketi ta timiyala toyera toumitsira. Muthyole masamba 10 pa mtengo uliwonse, muwaike mu envulopu yake ndi kapaketi kamodzi, mulembe nambala ya mtengo pamwamba, mutumize tsiku lomwelo. Za manambala sindingakuphunzitseni.

Kubwera ndiye sindingathe pano. Tili anthu awiri pa ntchito ya anthu asanu. Ndikulemba mothamanga, mundikhululukire.

Ine mwana wanu.

Lolemba, 24 Febuluwale

Mafunso mwana wanga,

Moni. Ndakondwa kumva kuti wachira. Phukusi linafika Lachinayi pa 20, zonse zili momwemo.

Ndatumiza masamba 70 m'maenvulopu 7. Nambala 1 ndi mtengo wa pafupi ndi thanki ya madzi, nambala 7 ndi wa pakona ya waya, moyang'anana ndi mitengo ya amalume ako. Unati nditumize tsiku lomwelo, ndiye ndinayamba ndasankhiratu. Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu ndinkakwera makwerero n'kumanga kaulusi pa tsamba lililonse limene ndalikonda. Lero ndangothyola. Ndalipukuta lililonse ndi kansalu koyera ka magalasi anga. Abwana ako akatsegula, sudzachita manyazi.

Amalume ako anandipeza pamwamba. Anati, "A Sikelo, mukufunsira tsamba ukwati? Thyolani lililonse, onse ndi amodzi." Ndinawauza kuti katundu wopita ku ofesi ya munthu sasankhidwa ndi maso amodzi. Anandigwirira makwerero mpaka ndinatsika, akundinena njira yonse.

Nambala ija ya 160,000 ndaiwerengera. Munthu atamatchula chilembo chimodzi pa sekondi osapuma, angathe maola 44 ndi theka, kupatula mphindi zochepa. Zonsezo m'kanthu kosaoneka. Ndakhala ndikuyang'ana tsamba limodzi pano patebulo nthawi yaitali.

Kwatsala masiku 35.

Ndine bambo wako.

Lolemba, 17 Malichi

Mafunso,

Moni mwana wanga. Uli bwino? Ndapita kupositi pa 7, pa 11 ndi pa 14. Mayi wa pakauntala wayamba kundipukusira mutu ndisanafike n'komwe pazenera. Sindikukukakamiza, ndikudziwa kuti muli awiri. Ndikungofuna kudziwa ngati masamba anafika.

Mlangizi anadutsa Lachitatu. Sanatsike pa njinga yake yamoto, anangoloza mitengo n'kuloza wotchi. Amalume ako anola sowo yawo. Akuti akungoichotsa dzimbiri, koma ine ndinamva kulira kwa tupa m'mawa wonse, ngakhale ndi makutu angawa.

Kwatsala masiku 14.

Bambo wako.

21 Malichi

Ababa,

Pepani kwambiri. Makina anafa milungu iwiri, ndipo atadzuka panali mzere wa ntchito za anthu ena. Masamba anu anafika bwino. Mnzanga wa pantchito atatsegula anafunsa ngati ndawagula m'sitolo ya maluwa.

Nkhani yabwino ndi iyi: m'masamba 70 onse sindinapezemo malembo a bakiteriya uja. Ndinadula mtsempha wapakati wa tsamba lililonse, chifukwa ndi mmene iye amakhala, ndipo sanaoneke.

Chimene chinatuluka chambiri ndi malembo a timatumba tobiriwira tija, moti tcheni chonse chinalumikizana popanda mpata. Mitengo yonse 7 ndi yofanana chilembo ndi chilembo. Kunena zoona malalanje ambiri amafanana choncho, ndiye si chodabwitsa kwa anthu a ntchito yathu. Koma malembo amenewa mtengo umatengera kwa mayi wake, kudzera mu njere. Ndinakhala ndikuwayang'ana pa kompyuta mpaka mnzanga anandifunsa ngati ndili bwino. Kodi njerezo amayi anazitenga kuti?

Ndalemba zotsatira pa pepala la kuntchito limene ndaika m'katimu, chifukwa ndi limene linali pafupi. Koma mumvetse, ababa: pepalali likunena za masamba 70 amene ndinalandira, osati mitengo yonse. Matendawa sagawikana mofanana, nthambi ina imadwala ina ili bwino. Pakapita miyezi itatu mudzatumizenso ena kuti titsimikize.

Nditumiza kalatayi pa basi kuti isachedwe.

Ine mwana wanu.

Lachiwiri, 1 Epulo

Mafunso mwana wanga,

Moni, ndipo zikomo. Kalata inafika pa 24. Dzulo pa 31 Malichi, 10 koloko, mlangizi anabwera ndi anthu awiri a macheka. Tinalipo ine, amalume ako, mlangizi ndi awiriwo, anthu asanu. Ndinavala jekete.

Ndinamupatsa pepala lako. Anawerenga kawiri, anayang'ana chidindo cha pamwamba, kenaka anafunsa kuti, "Amene wasaina apayu ndi mwana wanu?" Ndinati inde, wotsiriza. Anati, "Ndiye ine ndinganene chiyani, bambo. Ine ndili ndi penti chabe." Anajambula pepalalo pa foni yake n'kuuza anthu a macheka kuti akwere galimoto.

Amalume ako anati, "Wosesa uja wapulumutsa mitengo ya mlongo wanga." Anatembenuka n'kumayang'ana kwina kanthawi. Madzulo anabwera ndi palafini, tinachotsa penti pa mathunthu onse 7. Pa nambala 5 sanachoke bwino.

Wafunsa za njere. Pamene unabadwa, mayi ako anakhala m'chipatala masiku 9. Chakudya chinkawakana. Ndinkawagulira malalanje awiri tsiku lililonse kwa mayi wina wa pageti, ndipo iwo ankasunga njere m'bokosi la machesi. Anafesa 16, zinamera 11, yakula 7. Mayi wa pagetiyo ankati onse ndi a mtengo umodzi wa pakhomo pake. Ndiye makina ako sananame.

Za kutumizanso masamba ndamva. Tidzaona zipatso zikatha. Sindikufuna kutopetsa abwana ako, atichitira kale zazikulu.

Ndine bambo wako wonyadira.

8 Ogasiti

Ababa,

Muli bwanji? Katoni yafika, malalanje 40 monga munalembera pamwamba, onse osalala, palibe ndi limodzi lomwe la chipsera. Ndagawira anzanga, asanu ndabisa.

Masamba achiwiri aja sindinawaone. Maenvulopu ndinatumiza mu Juni, kodi anafika? Mukapeza mpata mutumize. Kuno ntchito yachuluka, mnzanga uja anasiya, ndatsala ndekha. Mupereke moni kwa amalume.

Ine mwana wanu.

12 Januwale

Iwe mwana wa mlongo wanga,

Ndine malume wako. Sindinakulemberepo chibadwire chako, ndiye udziwe kuti zafika pena. Moni ndikupatsa, koma za umoyo tidzafunsana tsiku lina.

Mlangizi anali pano Lachisanu ndi kachitini kake. Mitengo yanga 30, walemba 19. Mzere woyamba wa kuwaya wonse wapita, wachiwiri wonse, wachitatu theka. Ya kumsewu ili bwino. Ine sukulu ya masamba sindinapite, ndinali dalaivala wa lole zaka 26, koma ndimadziwa kuona kumene fumbi likuchokera.

Mitengo ya bambo ako ndi yachikasu ngati yathiridwa madzi otentha. Inayamba kalekale. Ndinkawauza, ankati ndi kusowa manyowa, pepala la mwana wanga likuti ilibe kanthu. Pepalalo analiika m'galasi pakhoma, pafupi ndi chithunzi cha mayi ako. Munthu ungatsutsane ndi chinthu chili m'galasi?

Mitengo imeneyi ndinadzala nditasiya lole, msana utandikana. Ndinatunga madzi zaka zisanu ndi wilibala. Azakhali ako ankanditcha wamisala. Chaka chino ndiye chinali choti ndiwatseke pakamwa.

Ndikufuna undiuze chinthu chimodzi. Makina akowo ananama, kapena iwe unalemba zokondweretsa bambo ako? Ngati unalemba zowakondweretsa, nena, ndidziwe woti ndimukwiyire. Pano ndikungokwiyira waya.

Bambo ako sakutuluka. Zenera la kuchipinda kwawo latsekedwa sabata yachiwiri. Azakhali ako amawapititsira chakudya, ine sindipitako.

Malume wako.

20 Januwale

Ababa,

Muli bwanji? Ndifunse zoona, chifukwa makalata anu atatu apitawa ankangonena za mvula ndi denga. Amalume andilembera. Ndamva zonse.

Ndabwereza ntchito yonse ya chaka chatha. Ndinasunga zotsala za masamba anu mufiriji, ndaziyezanso, ndipo mulibe kanthu ndithu. Makina sananame, inenso sindiname. Ndiye ndatulutsa makalata anu m'kabati n'kuwerenganso ya pa 24 Febuluwale. Kaulusi, makwerero, kansalu ka magalasi.

Ababa, munathyola masamba otani? Pa mitengopo panali achikasu nthawi imeneyo?

Ndisanamve yankho lanu, ndinene langa. Ndawerenganso zimene ndinakulemberani, chifukwa ndinazilemba kaye m'kope la kuntchito. Ndinakuuzani za tcheni cha njinga, za sipanala, za nambala. Sindinalembe pena paliponse kuti muthyole masamba odwala. Kwa ife kuno n'chinthu chodziwikiratu, ngati kuuza munthu wopita kwa dokotala wa mano kuti atsegule pakamwa. Ndinaiwala kuti ndikulembera inu, munthu amene simunatumizepo ngakhale nyemba osazisankha. Ndipo masamba atafika okongola chonchija, ndinaseka ndi mnzanga m'malo mofunsa.

Ndatumiza maenvulopu 14. Asanu ndi awiri ndi a mitengo yathu, enawo ndi a mitengo ya amalume, ngati angalole. Muthyole oipitsitsa, a mawanga, okhuthala, amene simungafune kuti munthu awaone.

Mutsegule zenera, chonde. Muzidya.

Ine mwana wanu.

Lolemba, 2 Febuluwale

Mafunso mwana wanga,

Moni. Ndikudya. Kalata yako ndaiwerenga kasanu, ndipo ndayamba kuyankha katatu n'kung'amba.

Achikasu analipo. Pa nambala 4 panali nthambi imodzi, pa nambala 6 ziwiri, pa nambala 7 mbali yonse ya kuwaya. Ndinazilemba m'kabuku kanga pa 21 Febuluwale chaka chatha, tsiku loyamba kukwera makwerero. Ndinazilambalala.

Ndinkadziuza kuti phukusili likatsegulidwa pamaso pa abwana ako, adzati bambo wa mtsikanayu watumiza zinyalala. Kudepoti ndinkaona mmene ankamuyang'anira mlimi wobweretsa thumba lofumbwa, ndipo sindinafune kuti wina akuyang'ane choncho chifukwa cha ine. Ichi ndi choona. Koma ndakhala m'nyumba muno masiku ambiri ndikuganiza, ndipo pali china. Dzanja langa likafika pafupi ndi tsamba lachikasu, ndinkalibweza. Ndinkadziwa pang'ono chimene ndikuopa. Zaka 34 sindinaikepo chala pa sikelo, ngakhale tsiku limodzi. Ndadzaika nditakalamba, pa sikelo ya mwana wanga.

Maenvulopu a mu Juni anafika pa 19. Ali m'dilowa. Pa malalanje 40 aja ndinathyola 130 kuti ndipeze osalala.

Mawu ako oti pepala likunena za masamba 70 okha sindinamuwerengere mlangizi. Anali m'kalata, sanali pa pepala la chidindo, ndipo ine ndinapereka la chidindo lokha. Usadziimbe mlandu. Iwe unanena.

Loweruka ndinapita kwa amalume ako ndi maenvulopu. Ndinawapeza akukonza wilibala. Ndinawauza zonse ndili chiimire, monga ndakuuzira iwemu. Sanadzutse mutu. Anati, "Ndiye tsiku lija ndinkakugwirirani makwerero kuti mundiphere munda." Ndinati inde, alamu. Anati, "Thyolani. Pano simuvutika kusankha." Analowa m'nyumba.

Ndatumiza masamba 140. Sindinawapukute. Pepala lija ndalichotsa pakhoma.

Ndine bambo wako.

27 Febuluwale

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Zotsatira zatuluka, ndipo ndikuuzani mosazungulira, chifukwa mukudziwa kale. Bakiteriya uja alimo m'mitengo yathu yonse 7 ndi m'mitengo 7 ya amalume. Pa nambala 7 anali wochuluka moti ndinatha kusanja mbali yaikulu ya tcheni chake. Cha bakiteriyayu n'chachitali, zilembo zoposa miliyoni. Mbali zimene ndinayerekeza, wa kwathu ndi wa kwa amalume ndi ofanana.

Koma mumve bwino apa. Kufananako sikukunena kuti anachokera kwa ife. Matendawa amayenda ndi tizilombo touluka tating'ono toyamwa masamba anthete, ndipo timauluka dera lonse. Mwina amene ali m'minda ina ya kumeneko ndi wofanananso. Malembo amanena kuti awa ndi apachibale, sanena kuti anayamba kulowa pakhomo ndani. Palibe labotale imene inganene motsimikiza kuti mitengo ya amalume yafa chifukwa cha inu. Ndawalemberanso amalume mawu omwewa.

Abwana anga ndawauza za pepala la chidindo. Anandikalipira, ndipo anayenera. Talembera ofesi ya mlangizi kukonza zimene tinanena.

Mitengo iyenera kugwa, ababa. Koma njere nthawi zambiri sizitenga matendawa. Musankhe zokhwima, zoyera, zonenepa. Zakuda ndi zofwapa mutaye. Apa pokha ndiye musankhe mmene mumasankhira. Mufese m'machubu, pansi pa neti yothina yoti kachilombo kasalowe. Zikakula ndidzaziyeza ndekha.

Ndapempha tchuthi. Ndifika Loweruka pa 21 Malichi. Mundidikire. Ndikufuna ndidzaione ili chiimire, ndidzakhale pansi pa nambala 1 ngakhale ola limodzi. Tidzadulire limodzi.

Ine mwana wanu.

Lolemba, 16 Malichi

Mafunso mwana wanga,

Moni. Ndikuyembekezera kukuona pa 21. Bedi lako ndayala, ndipo loko wa chitseko chako ndathira mafuta.

Undikhululukire, sindinakudikire. Kalata yako inafika pa 6. Unati tizilomboto timauluka. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana mitengo ya amalume ako imene yatsala kumsewu, ndipo ndinaona kuti tsiku lililonse limene ndikudikira iwe, tizilombo sitikudikira. Ndinadikira kale chaka chathunthu, mitengo ya munthu wina ikudwala. Ola limodzi limene unapempha ndalephera kukusungira.

Tinadula Loweruka pa 14. Ndinayamba ndekha 6 koloko m'mawa, pa nambala 7. Pofika 8 koloko ndinali ndisanafike pakati pa thunthu, nkhwangwa ikungodumpha. Ndiye ndinaona amalume ako akudutsa pansi pa waya ndi sowo yawo. Sitinalankhulane chichokere pa 31 Januwale.

Anati, "Chokanipo, a Sikelo. Manja anuwo ndi a pensulo."

Ndinati, "Alamu, msana wanu."

Anati, "Msana ndi wanga. Gwirani uko."

Tinakoka sowo awiri, iwo uko ine kuno. Tinalipo awiri basi. Azakhali ako anabwera ndi tiyi 10 koloko, anaona, anasiya thireyi pa thanki n'kubwerera. Nambala 7 inagwa 9 koloko. Nambala 1 inagwa 4 koloko madzulo. Tisanaiyambe imeneyo amalume ako anaika dzanja pa thunthu n'kunena kuti, "Iyi ndinakumba dzenje lake ndine. Mlongo wanga anati ndakumba mopendekeka." Kenaka anati fumbi la sowo lawalowa m'maso. Tinapuma mphindi 15. Nthambi tinatentha dzulo.

Zipatso zimene zinali zokhwima ndinathyola tisanadule, 112. Zambiri njere zake zinali zakuda. Zoyera ndapeza 41. Ndafesa m'machubu pakhonde, ndaphimba ndi neti. Mlangizi akuti zikanenepa ngati pensulo adzandipezera timaso ta mitengo yopanda matenda kuti timezanitse. Akuti kuti zibereke ndi zaka zinayi kapena zisanu. Ine ndili ndi zaka 72. Ndawerengera, koma sindilemba yankho.

Mawu ako oti palibe labotale ingatsimikize ndawamva, ndipo ndikudziwa kuti unawalemba mondikonda komanso kuti ndi oona. Amalume ako nawonso anawatchula titakhala pa chitsa. Anati, "Mwana wanu akuti sizikudziwika." Ndinati ndamva. Anati, "Ndiye zisiyeni. Sindikufuna kanthu kwa inu. Musalembe m'kabuku kanuko."

Ndinati, "Ndalemba kale, alamu."

Anatola sowo yawo n'kunena kuti, "Mlongo wanga anapirira zambiri." Anapita. Madzulo anatumiza wilibala yawo kuti ndizitungira madzi a mbande.

Makina ako amawerenga zilembo, ndipo akuti sakudziwa. Ine ndinawerenga mizere. Woyamba kuwaya unayamba kudwala, kenaka wachiwiri, kenaka wachitatu. Ndinaona ndi maso anga mwezi ndi mwezi, ndili ndi pepala m'galasi. Zimenezo sizifuna labotale.

Mlangizi analembanso ina 4 pa 10 Malichi. Choncho mitengo ya amalume ako imene yagwa ndi 23. Imene ndawabwezera ndi 0. Yatsala kwa ine ndi 23.

Ndine bambo wako.